Chingwe cha mbedza chitha kupha kareto: asodzi a pa Cahora Bassa achenjere

Miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala ndiyo nyengo imene ncheni zimadya nyambo kwambiri pa nyanja ya Cahora Bassa ndi mu mtsinje wa Zambezi. Pa nyengo yomweyinso ndi pamene makina owedzera nsomba amagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo ena safika nayo ku mvula yoyamba.

Msodzi akabwera kumtunda ndi makina osweka, kawiri-kawiri mlandu amaupereka kwa nsomba, kuti inali yaikulu zedi, apo ayi kwa wamalonda, kuti adamugulitsa katundu wosalimba. Koma makina otere akamasulidwa, nthawi zambiri zimapezeka kuti chopalamula ndi chingwe chomwe chija mwini wake adakulunga ndi manja ake. Nkhani yosangalatsa ndi yakuti vuto limeneli ndi lopeweka, ndipo kulipewa kwake sikulira ndalama zambiri.

Kareto ndi bobina

Makina okulungira chingwe amene amamangidwa pa ndodo yowedzera, pa Chipwitikizi amatchedwa carreto, ndipo m'nkhani ino akutchedwa kareto. Malo amene chingwe chimakulungidwapo ndi bobina, yofanana ndi ija ya ulusi pa makina osokera, kungoti iyi ndi yaikulu. Bobina ili ndi mtima, pamene chingwe chimayambira, ndi zipupa ziwiri zotchinga chingwe kuti chisatayikire kumbali. Mabobina ena ndi a pulasitiki, ena ndi a aluminiyamu.

Makareto alipo a mitundu iwiri. Pa mtundu woyamba, umene uli wofala kwambiri, bobina imaloza kutsogolo ndipo siizungulira poponya. Chingwe chimatuluka chikukhudza mlomo wa chipupa cha kutsogolo, ndipo pobwerera chimadzera pa kagudumu kakang'ono kamene kali pa waya wokhota uja amazungulira bobina. Pa mtundu wachiwiri bobina imagona chopingasa ngati ng'oma, ndipo imazungulira yokha. Mitundu yonse iwiri ili ndi buleki, imene imalola nsomba yamphamvu kutenga chingwe mmalo moti chiduke.

Kale asodzi a m'mbali mwa Zambezi ankawedza ndi nsungwi kapena chingwe chapamanja, ndipo ambiri akuterobe mpaka lero. Nyanja ya Cahora Bassa idayamba kudzaza mu Disembala 1974, khoma lalitali mamita 171 litatha kumangidwa pafupi ndi Songo. Madzi ake adatambalala mtunda wa makilomita pafupifupi 250 kukafika ku Zumbo. Koma makareto adayamba kuoneka kweni-kweni nkhondo itatha mu 1992, pamene alendo a ku Zimbabwe ndi South Africa adayamba kubwera kudzawedza ncheni, nsomba ya mano akuthwa ija Apwitikizi amati peixe-tigre. Anyamata a m'maboma a Cahora Bassa, Mágoè, Marávia ndi Zumbo adapeza ntchito yoyendetsa maboti ndi kulondolera alendo malo a nsomba. Ena adapatsidwa makareto ngati mphatso, ena adagula ogwiritsidwapo kale ntchito.

Tsono kwa munthu wotere kareto si choseweretsa ayi. Bobina ya kareto wa mtundu wina siilowa pa kareto wa mtundu wina, ndipo munthu wa ku Zumbo kapena ku Chicoa sangangopita ku msika wa kwawo ndi kukapeza yofanana ndi imene yasweka. Bobina ikafa, kareto yense amakhala wafa. Kwa wolondolera alendo, amene amasunga zipangizo za abwana ake, nkhani yake imakhudzanso ntchito.

Nayiloni imafinya

Chingwe chimene asodzi ambiri amachidziwa ndi cha nayiloni, chija choonekera ngati madzi. Nayiloni idapangidwa koyamba mu 1935 ndi kampani ya DuPont ya ku America. Khalidwe lake lalikulu ndi kutamuka. Chingwe cha nayiloni chotalika mamita anayi chitha kuonjezera pafupifupi mita imodzi chisanaduke. Kutamuka kumeneku kumathandiza pamene ncheni yalumpha ndi kupukusa mutu, pakuti chingwe chimalandira nkhonya imeneyo mmalo mwa mfundo. Koma kutamuka komweku ndi kumene kumapha bobina.

Aliyense amene adamangapo katundu pa njinga ndi mphira wa chubu akudziwa kuti mphira wokokedwa umafuna kubwerera mwakale. Ukazunguliridwa kamodzi pa dengu, dengu silimva kanthu. Ukazunguliridwa kakhumi, dengu limayamba kupindika. Nayiloni imachitanso chimodzimodzi. Msodzi akamapukusa kareto pamene nsomba ikukoka mwamphamvu, chingwe chimalowa pa bobina chili chotamuka, ndipo mkombero uliwonse umafinya mikombero imene ili pansi pake. Paja amati pang'ono-pang'ono ndi mtolo. Mikombero mazana awiri kapena atatu yotere imakhala ndi mphamvu yokwanira kung'amba mtima wa bobina ya pulasitiki, ngakhalenso kukankhira kunja zipupa za bobina yachitsulo. Owedza ndi chingwe chapamanja adaziona kale zimenezi: nayiloni yokulungidwa mokoka pa chitini chopepuka kapena pa botolo la pulasitiki imalikwinya.

Chizindikiro chake pa kareto wa ng'oma ndi chakuti bobina imayamba kukhula m'mbali, kapena kukana kuzungulira. Pa kareto wa mtundu woyamba pamaoneka mng'alu, kapena bobina imayamba kugwedezeka popukusa. Nthawi zina izi sizioneka tsiku lomwelo. Kareto amasungidwa ali bwino, nadzapezeka wosweka patapita masiku, chifukwa chingwe chimakhala chikufinyabe usiku ndi usana.

Njira yoyamba yopewera izi ndiyo kukoka nsomba ndi ndodo, osati ndi kareto. Msodzi akweze ndodo pang'ono-pang'ono osapukusa, kenaka aitsitse, ndipo apukuse pamene akutsitsapo. Potero chingwe chimalowa pa bobina chitapepukidwa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ncheni yaikulu itha kupitirira makilo 10, ndipo vundu atha kupitirira makilo 30. Nsomba zotere zimagonja chifukwa cha kutopa. Amene afuna kuzikweza ngati ndowa ya pachitsime amalipira ndi bobina yake.

Njira yachiwiri ndiyo kupumitsa chingwe nkhondo ikatha. Atagwira nsomba yaikulu, msodzi achotse mbedza ndi nyambo, alole chingwe chonse chimene chidatuluka chiyandame kumbuyo kwa boti likuyenda pang'ono-pang'ono, kenaka achikulungenso akuchigwira pakati pa zala ziwiri. Amene ali pamtunda atha kuchitambasula pa bwalo la udzu. Ntchito imeneyi ndi ya mphindi zisanu, ndipo imachotsanso kupotana.

Njira yachitatu ndiyo kuyala mphasa pa mtima wa bobina. Pa mabobina a pulasitiki ndi bwino kuyamba ndi mikombero ingapo ya chingwe chofewa cha dacron, chimene sichitamuka kwambiri, nayiloni ndi kubwera pamwamba pake. Ulusi wa thonje suyenera pa ntchito imeneyi chifukwa umasunga madzi ndipo umaola.

Buleki nayo isamangidwe mpaka pothera. Lamulo limene asodzi odziwa amatsata ndi lakuti buleki iyambe kupereka chingwe pamene mphamvu yokoka yafika gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mphamvu imene chingwecho chimadukira. Pa chingwe cha makilo 9, ndiye kuti buleki ilole pa makilo osapitirira atatu. Izi zitha kuyesedwa ndi sikelo ya pamanja yoyezera nsomba. Ndipo pamene buleki ikulira, nsomba ikutenga chingwe, msodzi asapukuse, chifukwa kutero kumangopota chingwe popanda kubweza ngakhale dzanja limodzi.

Choluka chimaterera ndi kucheka

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera chingwe cha mtundu wina, cholukidwa ndi timaulusi tambiri-mbiri tolimba kwambiri totchedwa Dyneema kapena Spectra. Alendo ambiri obwera ku Cahora Bassa amagwiritsa ntchito chimenechi, ndipo akamapita ena amasiya zotsala kwa anyamata a m'maboti. Ndi chopyapyala koma champhamvu. Nayiloni yopirira makilo 14 imanenepa pafupifupi theka la milimita, pamene choluka cha mphamvu yomweyo chimangopitirira pang'ono theka la kunenepa kumeneko. Ndiponso sichitamuka kweni-kweni.

Munthu angaganize kuti popeza sichitamuka, ndiye kuti bobina yapulumuka. Zoona, choluka sichifinya ngati nayiloni, koma chili ndi milandu yake itatu.

Mlandu woyamba ndi kuterera. Choluka chikamangidwa pa mtima wosalala wa bobina, sichiluma. Nsomba ikakoka, mtolo wonse wa chingwe umazungulira pa mtima, bobina itangoima. Msodzi amaganiza kuti buleki yafa, naimanga kwambiri mpaka kuononga timapepala ta mkati mwake, chonsecho buleki idalibe vuto. Kuti adziwe choona, alembe kamzera ndi bolopeni kuchokera pa chingwe kufika pa chipupa cha bobina, amange buleki, akoke chingwe. Ngati kamzera kaduka pakati, ndiye kuti chingwe chikuterera.

Mankhwala ake ndi kuyamba ndi mamita 10 kapena 20 a nayiloni pa mtima wa bobina, ndi kulumikiza choluka pamenepo ndi mfundo yabwino. Nayiloni ija imaluma mtima, choluka ndi kuluma nayiloni. Ena amazunguliza tepi yakuda ya amagetsi kamodzi kapena kawiri. Imeneyi imagwiranso ntchito, koma iyenera kuchotsedwa ndi kusinthidwa nthawi iliyonse posintha chingwe, pakuti pansi pake pamabisala chinyezi. Mabobina ena amakono amabwera ndi lamba wa mphira pa mtima, ndipo otere safuna zonsezi.

Mlandu wachiwiri ndi kudzikwirira. Apa ndi pamene malamulo a zingwe ziwirizi amasiyana, ndipo ambiri amasokonezeka. Nayiloni imafuna kukulungidwa mosakoka kwambiri, koma choluka chimafuna kukulungidwa mothina zedi. Chikakhala cholobodoka, nsomba ikakoka, mkombero wapamwamba umalowa pakati pa inzake ngati mpeni, nukakamira komweko. Poponyanso chingwe chimaima mwadzidzidzi ndi kuduka, nyambo ndi kupita. Ena pofuna kuchimasula amatokosa ndi mbedza kapena mpeni, nakanda bobina. Mmera mpoyamba: tsiku loika choluka, wina agwire chingwe ndi nsalu yonyowa mwamphamvu pamene mnzake akupukusa. Ntchito itatha, chala chikadina pa chingwe pasabonyoke.

Mlandu wachitatu ndi kucheka. Chingwe choluka chimamwa madzi pakati pa timaulusi take, ndipo pamodzi ndi madzi chimanyamula mchenga wosalala. Nthawi ya mvula Zambezi imafiira ndi matope, makamaka kuyambira ku Zumbo kumene mtsinje wa Luangwa umathira. Chingwe chodzaza ndi mchenga chikamadutsa malo amodzi-modzi kambiri-mbiri chili chokoka, chimasanduka tupa. Chimakumba kangalande pa kagudumu, pa mphete za ndodo zimene zili zachitsulo chofewa, ngakhalenso pa mlomo wa bobina ya pulasitiki. Kangalande kakangoyamba, nako kamayamba kudya chingwe. Makareto ndi ndodo zakale, zopangidwa choluka chisanabwere, ndi bwino kuzisiya pa nayiloni.

Kagudumu kaja ndiko koyenera kuyang'anitsitsa. Ntchito yake ndi kuzungulira kuti chingwe chisakhule. Kakauma ndi dzimbiri kapena mchenga, chingwe chimakhula pamalo amodzi. Kuyesa kwake nkosavuta: kukankha ndi kamtengo ka machesi. Ngati sikazungulira, kamasulidwe, katsukidwe, kadonthezedwe dontho limodzi la mafuta a makina osokera.

Mbedza ikakodwa

Pamene nyanja inkadzaza, nkhalango za tsanya ndi mitengo ina zidamira zili chiimire. Tsanya ndi mtengo wolimba, suola msanga m'madzi. Zitsa zimenezi ndizo mudzi wa nsomba, ndizonso manda a mbedza. Palibe msodzi wa pa Cahora Bassa amene sadakodwepo.

Apa ndi pamene makareto ambiri amafera. Mbedza ikakodwa, munthu amamanga buleki, nagwira bobina ndi dzanja, nayamba kukoka ndi thupi lonse. Mphamvu yonseyo imathera pa bobina ndi pa kachitsulo kowonda kamene bobina imakhalapo. Ngati chingwe ndi nayiloni, chimafinya monga tafotokozera pamwambapa. Ngati ndi choluka champhamvu, sichiduka msanga, kotero kuti chimene chimagonja ndi kachitsulo kaja. Kakapindika ngakhale pang'ono, bobina imayenda motsimphina, chingwe chimaunjikana mbali imodzi, ndipo kuwongola kwake nkovuta.

Choyenera kuchita ndi ichi. Poyamba bwato lipalasidwe kupita kuseri kwa chitsa, pakuti nthawi zambiri mbedza imatuluka ikakokedwa kuchokera mbali imene idalowera. Zikakanika, msodzi amasule chingwe pa kareto kuti chilobodoke, achizungulize kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa kamtengo kosalala, ndipo akoke ndi kamtengoko, nkhope atayang'ana kumbali kuopa chitsulo chobwerera. Asayerekeze kuzunguliza choluka pa dzanja, chifukwa chimacheka mnofu ngati lezala. Kamtengo kotere kazikhala m'bwato nthawi zonse.

Ndi nzerunso kulumikiza kumapeto kwa chingwe chachikulu mita imodzi kapena iwiri ya nayiloni yocheperako mphamvu. Zikavuta, chimaduka ndi chimenechi, pafupi ndi mbedza, ndipo chingwe chodula chija chimabwerera chonse.

Mlomo wa bobina

Pa kareto wa bobina yoloza kutsogolo, mlomo ndi malo amene chingwe chimakhudza pa mkombero uliwonse poponya. Kachipsera kakang'ono pamenepo kamakanda chingwe chonse. Zipsera zimabwera ndi kugoneka kareto pa miyala kapena pansi pa boti lachitsulo, komanso ndi waya. Popeza mano a ncheni amadula chingwe, asodzi amaika waya pafupi ndi mbedza. Ena posunga amakulunga waya ameneyu pa bobina pamodzi ndi kachitsulo kolumikizira, kapena amakoleka mbedza pa waya wokhota wa kareto. Chitsulo chikakhula chitsulo chinzake, chofewa ndicho chimalira. Waya achotsedwe posunga, ndipo mbedza ikolekedwe pa kakolowekero kake ka pa ndodo, osati mkati mwa mphete.

Chipsera chimene maso sachiona, thonje limachiona. Msodzi atenge kathonje, akapukutire mozungulira mlomo wa bobina, pa kagudumu, ndi mkati mwa mphete iliyonse ya ndodo. Pamene thonje latsalira, pamenepo pali vuto. Chipsera chaching'ono pa mlomo chitha kusalazidwa ndi sandipepa yosalala kwambiri, yonyowetsedwa, mosafulumira. Mphete yong'aluka kapena kagudumu kokumbika ndi zofunika kusintha basi.

Bobina isadzazidwenso mopitirira muyeso. Chingwe chilekezere mamilimita awiri kapena atatu pansi pa mlomo, pafupifupi kunenepa kwa kamtengo ka machesi. Chikachuluka chimatayika chokha, chimakolana, ndipo china chimalowa kuseri kwa bobina. Chikachepa kwambiri chimakhula mlomo mwamphamvu, ndipo nyambo siipita patali.

Mchere, madzi ndi dzuwa

Bobina ya aluminiyamu imakutidwa ndi kachikopa kolimba koiteteza. Kachikopako kakakandika, ndipo pamwamba pake pakagona chingwe chonyowa cha mchere, chitsulo chimayamba kudyeka. Pamatuluka zoyera ngati ufa, pansi pake pali timaenje. Zimenezi zimachitika mobisika, pansi pa chingwe, ndipo mwini wake amadzaziona tsiku losintha chingwe.

Madzi a Zambezi alibe mchere, koma makareto amayenda. Amene wapita ndi wake ku Beira, Quelimane kapena Inhassoro ayenera kumutsuka tsiku lililonse. Ngakhale kuno komwe mchere ulipo wambiri m'misasa ya asodzi, kumene pende amang'ambidwa ndi kuthiridwa mchere kuti akhale nsomba youma ija yotchuka ndi dzina la chicoa. Kareto asasungidwe m'thumba limodzi ndi nsomba zotere, ndipo asagwiridwe ndi manja a mchere.

Potsuka, buleki imangidwe kuti madzi asalowe mkati, madzi abwino athiridwe pang'ono-pang'ono, osamiza kareto mu ndowa. Atapukutidwa, aumire pa mthunzi, ndipo buleki imasulidwe kotheratu posunga, kuti timapepala take tisaphwatalale. Kamodzi pa chaka chingwe chonse chichotsedwe, bobina itsukidwe, iume, ndipo ipakidwe phula pang'ono chingwe chisanabwerere.

Dzuwa la ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 nyengo ya chilimwe, limafooketsa nayiloni. Ikayamba kuoneka yotuwa, youma, yosunga mapindi ngati sipuling'i, yatha ntchito. Choluka chimakhalitsa, ndipo mbali yakutsogolo ikatha chitha kutembenuzidwa kuti ya pansi ibwere pamwamba. Chingwe chakale chisatayidwe m'madzi. Chimakola nkhwazi ndi akakowa, ndiponso chikakulungika pa chitsulo cha pulopela chimacheka mphira wotchinga mafuta a injini ya boti.

Zofunika zonse zimene zatchulidwa pano ndi kamtengo, kathonje, nsalu, dontho la mafuta ndi mamita ochepa a nayiloni. Nkhanga zidapangana kusanapse. Nyengo ya ncheni isanafike, msodzi aliyense wokhala ndi kareto apatule madzulo amodzi, achotse chingwe chonse, aone chimene chili pansi pake.